Mitanda ya Laimu m'Phanga la Njanji

Kwa Kalembo,
9 Malichi, 1953

Achimwene a Japhet,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira muli bwino m'mapiri anu a ku Natala amene ife timangowamva m'makalata. Kuno amayi akudzuka, ngakhale bondo lija silinawasiye. Chimanga chayamba kukhwima, mvula sinatinamize chaka chino. Za kumunda ndalekera pomwepa, chifukwa si zimene ndagwirira pensulo.

Ethel tinamuika m'manda Lachiwiri lapitali. Mwana wa mlongo wanu, amene munamutumizira kachipewa kaubweya, simudzamuona. Anayamba kutupa mapazi, kenaka masaya, chifuwa osaleka, mpaka anakana bere. Masisitere a ku Utale anayesa mankhwala awo, koma amayi aakulu a m'mudzi muno atangomuvundukula nsalu anayang'anana, ine n'kudziwiratu. Mwanayo anachita kudulidwa.

Mwambo mukuudziwa. Mwana asanatengedwe kumphasa, bambo wake sayandikira mkazi wina aliyense, akatero amadula mwana wake yemwe. Ine mbali yanga ndinasunga. Mwamuna wanga Blasius ndiye ankatsanzika kuti akupita ku Ulongwe kukathandiza akulu ake a Lucius kusoka, chonsecho akukagona kwa Ida wophika mowa uja, pobwera n'kumanyamula mwana wanga ndi manja omwewo. Msika wonse wa Ulongwe unkadziwa. Osadziwa tinali awiri, ine ndi khanda.

Ankhoswe atanena kuti tidzakhale pansi maliro akatha, iye sanadikire ngakhale kuti tiike. Kunacha mphasa yake ili yokha. Akuti anakwera sitima pa Balaka, ndipo ankafunsa anthu dzina la malo amene inu mukugwira ntchito. Taonani kuuma kwa maso. Wapha mwana wa mbumba yanu, ndiye athawire kwa inu nomwe kuti mumupezere pogwira.

Ine ndikudana naye, achimwene. Ndinakanena kwa ansembe polapa, anandipatsa mapemphero, ndinapemphera onse, ndipo ndikudana nayebe. Akafika kumeneko mundiuze. Ndikufuna kudziwa pamene akugona, chimene akudya, ndiponso ngati akuseka.

Ndine mlongo wanu,
Sabina


Kumsasa wa njanji, m'mapiri a Natala,
26 Epulo, 1953

Achemwali a Sabina,

Moni nonse kumudzi. Muwauze amayi kuti ndalira nawo.

Kalata yanu inachedwa, Blasius anaipitirira panjira. Anafika kuno kumapeto kwa Malichi atatuwa mbuu, nsapato ilibe chidendene. Ndinamulandira ngati mlamu wanga. Ndinamufunsa za mwana, iye nkumati, "Alamu, Ethel wanenepa, wayamba kuseka." Anatero akudya nyemba zanga. Ndinakamulankhulira kwa kapitawo mpaka anamulemba ntchito, bulangete langa lachiwiri n'kumufunditsa. Kalata yanu itafika ndinaiwerenga kuseri kwa shedi, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Bulangete ndinakalanda pamaso pa anthu. Sanafunse chifukwa.

Mwafunsa pamene akugona ndi chimene akudya. Kuti mumve bwino, ndiyambe ndakuuzani za ntchito yathu, poti sindinakulembereni bwinobwino. Kuno anaboola phiri kuti sitima izidutsa pansi. Phangalo n'lalitali, moti ukaima pakati, kukamwa kwake kumaoneka ngati diso la nkhuku. M'kati monse anamanga njerwa, m'mbali ndi kudenga komwe. Koma phiri limadontha madzi, ndipo madziwo amakhala kuseri kwa njerwa.

Matalala mukuwadziwa. Kuno kuyambira Meyi mpaka Ogasiti madzi onse amauma chomwecho, a m'chidebe, a m'ngalande, ngakhale malaya ochapa amauma gwa pachingwe. Chodabwitsa n'chakuti madzi akamauma amafufuma. Ndinaiwalapo botolo lodzaza panja, m'mawa ndinalipeza litang'ambika. Ndi zomwe amachita kuseri kwa njerwa. Akauma amazikankha pang'ono, akasungunuka amalowa mumpata umene atsegula, akaumanso amakankhanso. Denga limaoneka labwinobwino ndi maso, chonsecho lalekana ndi phiri, likungolendewera.

Ntchito yanga ndi khutu. M'mawa uliwonse ndimayenda ndi mtengo wautali wa nyundo kunsonga, kumenya denga n'kumamvetsera. Njerwa yogwira imalira ngwe ngwe ngati khasu. Yolekana ndi phiri imayankha phu phu ngati dzungu. Ndikamva phu, ndimalemba mtanda wa laimu pakhoma, ndipo pansi pa mtanda saima munthu, sakhala munthu, mpaka akalipentala atachirikiza ndi mizati. Ngakhale foromani wachizungu amaulambalala mtanda wanga.

Blasius ali m'gulu lotsegula ngalande, limene chisanu chikayamba limaswanso madzi ouma panjanji. Amagona m'nyumba ya malata ndi anzake, amadya phala ndi nyemba monga tonse. Kuseka amaseka, achemwali. Dzulo ndinamumva.

Mundilembere za amayi, ndiponso ngati a Kachingwe, abale ake, anabwera kudzapepesa.

Mlongo wanu,
Japhet


Kwa Kalembo,
20 Meyi, 1953

Achimwene,

Moni. Takolola, nkhokwe yadzaza mpaka pakhosi, koma odya mulibe. A Kachingwe anatumiza nkhuku imodzi yachitopa ndi mawu akuti nkhaniyo idikire mwini wake. Nkhukuyo tinataya kudzala.

Nkhani ya botolo ndinawawerengera amayi. Anaseka koyamba chichitikire maliro, ati Japhet wayamba mowa, madzi angaswe bwanji botolo. Ine sindinaseke. Ndinabwereza pamene munalemba kuti pansi pa mtanda wanu sakhala munthu. Ndiye kuti m'phanga lanulo wouza anthu pokhala ndi poima ndinu.

Tsono tandiuzani. Anthu oswa madziwo akazizidwa amabisala kuti? Amadyera pati? Payenera kukhala penapake pamene mphepo siifika, ndipo ndikumudziwa Blasius, ndiye amayamba kufikapo. Kuno mwezi wa Juni, kachisanu kathu kopanda pakeka, ankandilanda nsalu ndili ndi pakati.

Sindikuti mumuphe. Kufa n'kupuma, ndipo iyeyo sayenera kupuma. Ethel sanafe tsiku limodzi, anavutika ndikumuona, kulira kwake kukuchepa tsiku ndi tsiku mpaka kunatsala kungoyasamula. Ndikufuna chisanu chanucho chimulowe m'mafupa. Ndikufuna asowe pokhala monga ine ndikusowa pokhala m'nyumba yanga yomwe. Laimu muli naye, nyundo ili m'manja mwanu, ndipo mwanena nokha kuti wotsutsa palibe.

Amalume a mwana ndinu. Mukanakhala kuno bwenzi mutapita ku Ulongwe ndi chibonga, ndikukudziwani. Mulungu wakupeputsirani ulendo, wamubweretsa pakhomo panu.

Sabina


Kumsasa wa njanji,
28 Juni, 1953

Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Ine ndili bwino, ndipo ndikugona tulo tabwino kuposa kale.

Mutu wanu ukanakhala wa mwamuna bwenzi muli kapitawo. Munalasa ndithu. M'mbali mwa phanga anasiya tizipinda tothawiramo anthu sitima ikamadutsa. Mphepo ya kuno imalowa kukamwa kwina n'kutulukira kwina, yosapuma, yocheka nkhope, ndipo tizipindato ndi malo okhawo pamene siifika. Nthawi ya chakudya anthu amalowamo awiriawiri ndi mbaula zawo, zitini zoboola za malasha. Blasius anasankha kabwino kwambiri monga munanenera. Amakhala ndi Che Bakari a ku Nselema, bambo wachikulire amene kale ankapha nsomba ku Chiuta.

Ndinapita m'kachipinda kawo, ndinamenya denga. Linalira ngwe, lolimba ngati tsiku limene analimanga. Ndinapukusa mutu ngati ndamva zoopsa, n'kulemba mtanda waukulu. Anatuluka atanyamula mbaula. Atasamukira kena, ndinawapatsa masiku pang'ono kuti azolowere, n'kupitanso ndi laimu wanga. Ndakhala ndikumusamutsa chotere mwezi wonse. Akalipentala akung'ung'udza kuti chaka chino phiri lapenga, koma mizati akuimika ndithu paliponse ndalemba, ndipo kachipinda kakalowa mizati munthu sakwanamo.

Tsopano anzake akumuthamangitsa okha. Akangosuzumira m'kachipinda ka wina, amamuuza kuti pita uko, ubweretsa mtanda. Akudyera chiimire pakati pa njanji, msana atalozetsa kumphepo. Milomo yang'ambika, makutu ali zilonda, zala zatupa moti supuni akugwira ndi nkhonya. Kuseka kuja kunatha.

Che Bakari okha ndi amene sanamusiye. Anandipeza ndikusungunula laimu, anakhala pansi, anayamba ndi kufunsa za kumudzi monga achitira akuluakulu. Kenaka anati, "Che Japhet, laimu wanuyu ali ndi maso. Phanga lonseli, iye akutsata munthu mmodzi."

Ndinati, "Ine ndimalemba zimene nyundo yandiuza."

Iwo anati, "Iyayi, mwanangu. Ine makutu ndili nawo, ndinamva kulira kwake. Za kwanu sindilowerera, mwina mnyamatayu analakwadi. Koma mtanda uja si wanu nokha. Tonse timaudalira."

Ndinawauza kuti akafunse mnzawoyo kumene kuli mwana wake. Anangonyamuka n'kumapita.

Mwina mukuganiza kuti ndikumumvera chisoni. Ayi. Ndikamuona akunjenjemera ndimakumbukira kuti anati Ethel wayamba kuseka, mtima wanga n'kukhala m'malo. Chisanu chenicheni akuti chikubwera mu Julayi.

Japhet


Kwa Kalembo,
19 Julayi, 1953

Achimwene okondedwa,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopinda. Pamene pali zala zotupa ndimapadziwa pamtima. Ndayambanso kudya bwino, amayi akuti masaya abwerera.

Sabata yatha kunabwera alamu anga a Lucius, atavala jekete lawo losoka okha, kudzafunsa ngati tamva za mng'ono wawo, poti iye sawalembera. Ndinawayalira mphasa, ndinawagwadira bwinobwino. Ndinati, "Musade nkhawa alamu, ali m'manja mwa achimwene anga, akumusamala tsiku ndi tsiku." Anaomba m'manja, ati muwathokoze a Japhet, ndi munthu wa mtima wachikhristu. Ndinaluma nsalu kuti ndisaseke.

Za a Bakari anuwo zisakuvuteni. Iwo ana awo ali moyo. Onjezerani laimu, achimwene, musatope. Akadzabwera kudzagwada kwa inu, musamuyankhe msanga.

Sabina


Kumsasa wa njanji,
2 Ogasiti, 1953

Achemwali,

Moni. Sindinalandire yankho lanu, koma sindingadikire. Zinthu zapindika.

Chakukamwa kwa kummwera, kumene dzuwa silifika, kuli kachipinda kamene anthu sankakafuna chifukwa kamadontha. Julayi yense madzi aumamo, akulendewera kudenga ngati mizu ya chinangwa. Lolemba ndinamenyamo. Sindinamvepo phu wotere chiyambire ntchito ino. Denga lonse lalekana ndi phiri, ndipo chimene chaligwira ndi madzi oumawo basi, ali ngati ulimbo pakati pa njerwa. Tsiku limene adzasungunuke, zonse zidzatsika. Ndinalemba mtanda, weniweni tsopano, n'kuthamangira kwa akalipentala. Anandionetsa shedi yopanda kanthu. Mizati yonse inathera m'tizipinda tanga tija. Ina aitanitsa, ibwera pa sitima ya katundu, tsiku sakulidziwa.

Lachitatu ndinapeza utsi ukutuluka m'kachipindako. Blasius wakhala pansi pa mtanda, mbaula ili pakati pa miyendo, malasha ali psuu, denga likudontha paphewa pake. Munthu wa kwathu akaona chisanu amangodziwa moto. Sadziwa kuti pamalo potere moto ndiwo ukumasula chomwe chamugwirira denga.

Ndinalankhula naye koyamba chilandireni kalata yanu ija. Ndinati, "Alamu, tulukani. Pano mpoipa."

Anati, "Alamu, mitanda yanu ndaizolowera. Pamene ndakhala ine pamadwala, ndikachoka pamachira."

Ndinati, "Ino ndi yoona. Ndikulumbira pa manda a abambo."

Anati, "Nanga zinazo munkalumbira pa chiyani?"

Ndinamenya denga iye akuona, kuti amve yekha. Anati iye akungomva nyundo. Anati, "Ndinalakwa, ndikudziwa, ndipo mwandilanga mokwanira. Zala izi sizikupindika. Pano pokha ndi pamene pakutentha m'phiri lonseli, ndipo sindichoka. Mukafuna kaitaneni foromani, ndikamuuze amenye yekha mitanda yanu yonse timve."

Ndi pamene pandigwira. Ndikakanena, foromani amutulutsa ndithu, koma akatenga nyundo n'kuyesa mitanda inayo, ntchito yanga yatha, mwinanso ndende. Ndinapempha Che Bakari kuti amukoke. Anayesa, wakana, ndipo iwonso anandifunsa kuti adziwa bwanji kuti ulendo uno sindikunama. Ndaonanso ena atayamba kukhala pansi pa mitanda, akuti ndi nkhani ya pachilamu chabe.

Ndikungowerengera kuti chisanu chigwirebe mpaka mizati ifike. Ine ndinkafuna azizidwe, monga tinapangana. Izi zina sindinazifune. Ndiuzeni maganizo anu.

Japhet


Kwa Kalembo,
23 Ogasiti, 1953

Achimwene,

Moni. Kuno kwayamba kutentha, anthu akusosa.

Kalata yanu yandikwiyitsa. Mwayamba kufewa ngati mbatata yophika. Mwamuuza ndi pakamwa, mwamulembera mtanda, mwalumbira mpaka pa manda a abambo, chimene sanayenere n'komwe. Wakana yekha. Tsono inu mukuvutikiranji? Ine anandiuza ndani kuti mwana wanga ali pansi pa choopsa? Iye ankadziwa, ndipo ankabwera n'kumamuseweretsa.

Akuti mwamulanga mokwanira. Wayeza ndi chiyani? Zala zimachira.

Kwa foromani musapiteko. Musataye ntchito yanu chifukwa cha munthu wothawa maliro a mwana wake. Msiyeni akhale pamene wasankha, aothe moto wake. Denga likagwa, ndi Mulungu. Likapanda kugwa, ndi Mulungu yemweyo, ndipo ndidzamufunsa chifukwa chake.

Sabina


Ku Thekwini,
20 Sepitembala, 1953

Achemwali,

Moni. Makalata anu awiri anditsata kuno kudoko la Thekwini, mnzanga wa kumsasa ndiye wanditumizira. Pamene munkalemba yachiwiri kuti ndimusiye akhale, zinali zitachitika kale.

Linali tsiku lotsatana ndi chikondwerero cha Amayi Maria cha mu Ogasiti. Kunabwera mphepo yofunda yochokera kumapiri, yoyamba chaka chino, anthu mpaka anavula majekete n'kumasekerera kuti chisanu chatha. Ine nditaimva pankhope ndinadziwa. Ndinali kukamwa kwa kumpoto. Ndinataya nyundo n'kuyamba kuthamanga, ndipo ndinali ndisanafike pakati pamene ndinamva kugunda. Che Bakari anapulumuka chifukwa anali atatuluka kukaswali, mapemphero awo a Chisilamu. Blasius tinamufukula ndi manja. Mutu ndi chifuwa zinali kunja, miyendo ili pansi pa njerwa ndi miyala. Kuchipatala aidula yonse iwiri pamwamba pa mawondo. Ali moyo.

Foromani anafunsa chifukwa chimene munthu anakhalira pansi pa mtanda. Anthu anamuuza. Anatenga nyundo yanga, anayenda phanga lonse ine ndili pambuyo, kumenya paliponse ndinalemba. Ngwe, ngwe, ngwe. Sanandimenye, sananditukwane. Anangolamula kuti azule mizati m'malo abwinowo akaimike koyenera, ndipo kuti mitanda yonse aifute ayambirenso ndi munthu wina. Ine anandipatsa pasi yanga nkuti ndisaonekenso pa njanji. Mizati yatsopano inafika ine ndikumanga katundu.

Pano ndikusenza matumba a shuga. Ndisanachoke ndinapita kuchipatala. Blasius anandiyang'ana, n'kutembenukira kukhoma.

Sindikudziwa chokuuzani. Ndikakumbukira Ethel ndimati zamukwana. Ndikakumbukira bulangete la kuchipatala lija lili lathyathyathya pamene panayenera kukhala miyendo, ndimadzuka n'kukhala panja. Akachira amutumiza kwawo, ndipo omuperekeza ndi Che Bakari. Iwo sanama, ndiye konzekani.

Japhet


Ulongwe,
8 Novembala, 1953

Kwa a Japhet,

Ndikupatsani moni chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ndikufuna kumva kuti muli bwino. Ndine Lucius Kachingwe, mkulu wake wa Blasius. Keyala yanu ndapatsidwa ndi Che Bakari.

Mng'ono wanga tinamulandira pa Balaka. Anatsitsidwa m'sitima ngati thumba la mchere. Ine ndine telala, ndakhala pa makina zaka zambiri, ndipo ndafupikitsapo mathalauza a anthu osawerengeka. Sabata ino ndadula mathalauza a mwana wa mayi anga pamwamba pa mawondo, n'kusoka kumapeto kuti fumbi lisalowe. Ntchito imeneyi mwandipatsa ndinu.

Za madzi ouma oswa miyala ine sindizidziwa, ndipo sindifuna kuzidziwa. Chimene ndamva bwino ndi ichi. Anakupatsani chizindikiro choti anthu azipulumukira, inu n'kuchisandutsa mkwapulo. Munanama nacho mpaka tsiku limene munanena zoona panalibe wokukhulupirirani. Ndipo mlongo wanu anandigwadira pa mphasa n'kundiuza kuti mukumusamala. Ndinaomba m'manja, a Japhet. Manja anga omwewa.

Kuti Blasius analakwa sitikana. Mlandu wa mwana unali woti tikhale pansi, ankhoswe alankhule, tilipe chimene akanatigamula. Inu awiri munaweruza nokha. Tsono nafenso taweruza.

Ukwati wa Blasius ndi Sabina sunathe. Ankhoswe sanaumasule, ndipo kutchalitchi anakwatitsa ansembe, amene samasula. Blasius ndi mkamwini wa kwa Kalembo, nyumba yake ili kumeneko, anamanga yekha. Loweruka timunyamula pa machira, tikamutula pakhonde pa mkazi wake. Amudyetse, amusambitse, amunyamule popita kuthengo, mpaka mmodzi wa iwo adzafe. Akadzatipempha kuti timusudzule, tidzakana. Akadzapita kubwalo, Che Bakari adzafotokoza za mitanda pamaso pa anthu onse.

Inuyo khalani konko. Msewu wa kwa Kalembo umadutsa pakhonde pamene ndimasokera, ndipo ine sindiyang'ana pansi nthawi zonse.

Lucius Kachingwe


Kwa Kalembo,
13 Disembala, 1953

Achimwene,

Moni. Mvula yagwa, anthu abzala. Ine ndabzala theka la munda, chifukwa chake mumva.

Anabwera nayedi. Anthu anayi ndi machira, a Lucius patsogolo atavala jekete lija. Anamutula pakhonde, anaika kabokosi kake pambali, sanapemphe ngakhale madzi akumwa. Ndinathamangira kwa amalume kuti akane. Amalume anati mlandu tinali nawo ife, koma tinaugulitsa, tsopano pakamwa pawo palibe mawu. Ansembe anandikumbutsa zimene ndinalonjeza pa guwa. Amayi anangotenga tsache n'kukasesa m'nyumba.

Ndiye ali muno. Munthu amene ndinkafuna asowe pokhala wakhala pakhomo panga, ndipo sadzachokanso. Ndimamuphikira, ndimamusambitsa, ndimachapa zimene simungafune kumva. Ndi kutentha kwa kunoku iye amanjenjemerabe, amapempha chofunda masana dzuwa lili pamutu. Zala zija sizinachire. Ndinkati ndikadzaziona ndidzakondwa. Ndimaziona tsiku lililonse pomupatsa mbale, ndipo zimangonditopetsa.

Sitilankhulana kupatula zofunika. Koma Lamulungu lapitali anthu atapita kutchalitchi anati, "Sabina, ndiperekeze kumene anagona mwana." Ndinati iwe uli ndi mwana kuti? Anapemphanso mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinaganiza kuti chabwino, akaone chimene anathawa. Ndinakapempha chilolezo kwa aphunzitsi a patchalitchi, ndinapita naye kumanda kuseri kwa tchalitchi, ndinamukhazika pansi pafupi ndi kamtumbira. Ndinati, "Ndi apa. Muuze kuti wanenepa." Ndinamusiya pompo padzuwa n'kupita kumunda.

Ndinalima mpaka dzuwa linapendeka, dala. Pobwerera ndinapeza wazula udzu wonse pamanda ndi nkhonya zakezo, kuzungulira mpaka pamene mikono inalekeza. Kumaso kunali dothi lokhalokha. Sanandidandaulire za dzuwa. Musaganize kuti ndamukhululukira, achimwene. Ndinayang'ana udzuwo, ndinafunafuna mumtima mwanga, ndipo chidani chili pomwe chinali. Chimene chasowa ndi pochitula, chifukwa palibenso chimene ndingamuchite choposa chimene tamuchita.

Inu musabwere chaka chino kapena chamawa. A Lucius sakuseka. Amayi akufunsa za inu, ndimawauza kuti sitima zavuta.

Mwina mufunsa kuti kumandako tinapita bwanji, popeza kuno kulibe machira ndipo palibe mwamuna wa m'mudzi muno amene amafuna kumukhudza. Ndimachita kumubereka. Wapepuka, koma amaterereka, ndiye pamafunika nsalu yolimba. Ndinayesa zanga zonse, zikung'ambika. Yolimba m'nyumba muno inali imodzi yokha, imene ndinaipinda pansi pa bokosi mwezi wa Malichi, yoberekera Ethel. Ndi imene ndikumumangira kumsana m'mawa uliwonse.

Ndine mlongo wanu,
Sabina